Ophika Awiri, Masiku Makumi Anayi

3 Malichi

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kunjako, poti anthu amene ali bwino ndi amene salemba makalata. Ife kuno tilipo, kupatula abambo, ndipo ndi za iwo zimene ndakhalira pansi.

Abambo akutha. Chiyambire Disembala akumadwala m'mimba, kusanza, kupotokola mpaka kugwira khoma. Lamba wawo ndaboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Kuchipatala chapafupichi anangowapatsa mapiritsi oyera n'kuwauza kuti azimwa madzi ambiri, ngati kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sadziwa kumwa madzi.

Tsono tamvera. Ine sindinapite patali ndi sukulu ngati iwe, koma maso ndili nawo. Ndinagula kope, ndipo tsiku lililonse limene adwala ndakhala ndikulemba deti ndi munthu amene waphika. Adwala maulendo khumi ndi awiri. Pa maulendo amenewa, khumi anaphika ndi mkazi wako. Ndakopera tsamba lonse, ulipeza mu envulopu momwemu.

Iwe umati ntchito yako kumeneko ndi kuwerengera ngati mankhwala atsopano akuchizadi anthu kapena odwalawo angochira okha. Werengera izi tsono, za bambo ako okubala.

Usandifunse chimene angachitire zoterezi. Chipinda cha abambo ndi chimene chili ndi zenera loyang'ana kumsewu, ndipo mkazi wako telalayo wanena kawiri konse, ine ndikumva, kuti makina ake atakhala pazenera limenelo makasitomala sakanamasochera. Panopa amasokera pakhonde la kuseri, pafupi ndi ndowa ndi matsache.

Ndikufuna chinthu chimodzi basi: umulembere kuti alongedze azipita kwawo. Ndikanamuthamangitsa ndekha, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake ndi iweyo. Abambo sindinawauze kanthu. Amamukonda ngati mwana wawo, akamadya amachita kumuyamikira.

Ndine mlongo wako wamkulu, amene ndinakubereka kumsana mayi atatisiya.


19 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira, moni wake ndi mbola zake zomwe. Ine ndili bwino. Za abambo zandisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha kuti muzindiuza akamachepa thupi, osadikira kuti lamba aboledwe kawiri.

Tsamba lanu ndaliwerenga katatu. Madeti ali m'malo mwake, koma mwasiya chinthu chimodzi. Pa sabata, mkazi wanga amaphika masiku angati? Pamene ndinkachoka ankaphika Lolemba mpaka Loweruka, inu n'kumagwira poto Lamlungu lokha, poti masiku enawo mumakhala kushopu. Ngati zikadali choncho, masiku asanu ndi limodzi pa asanu ndi awiri ndi ake. Munthu akadwala maulendo khumi ndi awiri popanda womupalamula, pafupifupi khumi agwera pa masiku ake basi. Mukanalemba masiku amene kunagwa mvula, kapena amene galu wa aneba anathyola mpanda, ambiri akanagweranso pa iye. Ndipo awiri otsalawo ndi anu, achemwali. Kwa munthu wophika kamodzi pa sabata, awiri pa khumi ndi awiri ndi ochulukirako pang'ono, koma ine sindikuti mukuwathira mankhwala abambo.

Kope lanulo munaligula mutayamba kale kumukayikira, n'chifukwa chake muli masiku oipa okhaokha. Masiku oposa makumi asanu ndi limodzi amene iye anaphika, abambo n'kudya n'kugona bwinobwino, mulibe ndi limodzi lomwe.

Komabe sindikufuna mudzati ndikuikira kumbuyo mkazi. Kuntchito kuno sitikhulupirira chinthu chifukwa chochikonda, timachiyesa. Ndiye tichite chonchi. Ndalemba timapepala makumi anayi, makumi awiri ta inu, makumi awiri ta iye, ndatisakaniza m'kapu n'kumatola kamodzikamodzi osayang'ana. Zimene zatuluka ndi ndandanda imene ili mu envulopuyi. Muimate pakhoma la khitchini ndipo muyambe pa 2 Epulo. Wophika tsiku lililonse ndi amene walembedwa, osasinthana.

Kope musalembenso inu. Mupemphe anesi opuma aja a nyumba yoyandikana nafe kuti azibwera m'mawa uliwonse kudzawaona abambo. Azilemba ngati asanza kapena ngati ululu wawagoneka, zina ayi, ndipo asamalowe m'khitchini kukaona ndandanda. Tidzawerenga masiku makumi anayi akakwana, osati tsiku limodzi asanakwane.

Mkazi wanga asadziwe chifukwa chake. Ndamulembera padera.

Ndine mlongo wanu.


19 Malichi

Wokondedwa wanga,

Uli bwanji? Nanga msana uja ukukuvutabe ukakhalitsa pamakina? Kuno kukuzizira, ndipo juzi imene unandisokera m'zigongono ndi imene ikundisunga.

Ndakhala ndikuganiza kuti ntchito ikukuchulukira, kusoka, kuphika sabata yonse, kusamalira abambo. Ndawalembera achemwali kuti muzigawana khitchini pakati ndi pakati. Ndapanga ndandanda ndekha kuti pasakhale kukangana. Masiku ake ndi odumphadumpha, usadabwe, ingotsata mmene alili.

Undilembere za abambo ndi za iwe.

Ndine mwamuna wako.


6 Epulo

Amunanga,

Moni wa kuno. Ndili bwino, msana uli apo ndi apo. Kalata yanu ndinaiwerenga pakhonde, ndinalira pang'ono, sindibisa. Zaka zinayi ndili m'nyumba muno palibe amene anafunsapo ngati ndimatopa. Ndimaganiza kuti kunjako mumangoona manambala, kani mumationanso.

Ndandanda ili pakhoma. Ndi yoseketsa, masiku atatu ondondozana ine, kenako alamu limodzi, kenako ine, kenako alamu awiri. Alamu akumatseka shopu msanga n'kudzaphika nkhope ili gwa, koma akuphika. Ine ndapezako nthawi, ndamaliza mayunifomu asanu ndi atatu amene anandiunjikira.

Abambo sali bwino. Ndanena kangapo kuti tipite nawo kuchipatala chachikulu akawaunike m'mimba, koma alamu akuti tidikire kaye. Tikudikira chiyani sindikudziwa. Anesi a pafupiwa ayamba kumabwera m'mawa uliwonse, Mulungu awadalitse. Muwauzeko alamu za chipatalazi, inu amakumverani.

Ndine mkazi wanu.


18 Epulo

A Masamu,

Moni sindikupatsa wambiri, wandithera. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi apita. Dzulo ndinapita kwa anesi, ndinawachonderera mpaka anandionetsa kope, n'kulifananitsa ndi ndandanda yako. Abambo adwala kasanu. Kanayi pa masiku a mkazi wako, kamodzi pa tsiku langa, ndipo tsiku limenelo ndikukumbuka bwino kuti iye ndi amene anatsuka mapoto.

Tsopano ukuti chiyani? Unati ndimaphika pang'ono, pano tikuphika mofanana. Unati ndimalemba ndi mtima wokayika, pano akulemba ndi anesi. Malamulo onse ndi ako, kapu ndi yako, timapepala ndi tako, ndipo zatuluka zomwezija.

Ine ndasiyira pomwepa. Sindingakhale ndikuonerera bambo anga akusanza kuti masamu ako akhute. Anesi akukana kusiya, akuti anavomera masiku makumi anayi, ndipo telala wako akungotsata chipepala chako pakhoma akuimba nyimbo. Ndiye zipitirira mpaka iwe utalankhula. Tandiuza, abambo asanze kangati kuti iwe ukhulupirire? Kakhumi? Kapena tidzakutumizire tsiku la maliro uliwonjezere pa ndandanda? Pakadafunda padajiwitsa galu.

Lemba kalata ija. Ukapanda kulemba ndidziwa kuti sukulu inakudya mtima.

Mlongo wako.


1 Meyi

Achemwali,

Ndili moyo, ngakhale kalata yanu inafuna kundipha. Abambo adzuka bwanji masiku ano?

Mwaphwanya pangano. Tinati tidzawerenga pa tsiku la makumi anayi, inu mwakasuzumira pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi, mwaona kuti zakukomerani, mwati mpira watha. Mukanapeza kanayi pa masiku anu, kodi mukanandilembera kuti tisiye? Mukanati masiku achepa, tipitirize. Munthu akamasuzumira tsiku ndi tsiku n'kuima pamene zamukomera, akhoza kupeza mlandu pa aliyense, ngakhale pa mphaka.

Kanayi pa kasanu si chozizwitsa. Tengani kobiri muliponye m'mwamba kasanu, muwerenge kuti mbali imene mwasankha yagwa kangati, mubwereze choncho madzulo onse. Pafupifupi ulendo umodzi pa maulendo asanu mupeza kanayi kapena kuposa. Kobiri silidana ndi abambo.

Chimene chandikwiyitsa kwambiri ndi nkhani ya mapoto. Abambo akadwala pa tsiku lake, ndi iye. Akadwala pa tsiku lanu, ndi iyenso, poti anatsuka mapoto. Akapanda kudwala, mudzati wachenjera. Ndiye ndiuzeni, ndi chiyani chimene chikanachitika m'nyumbamo kuti inu munene kuti mlamu wanu alibe mlandu? Ngati palibe, ndiye kuti chimene muli nacho si umboni, ndi chidani chimene mwachigulira kope.

Kalata yomuchotsa sindilemba. Malizani masiku makumi anayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Za chipatala chachikulu tidzakambe mukamaliza, chifukwa akawasinthira mankhwala pakatikati sitidzadziwanso chimene chasintha zinthu.

Mkazi wanga sanandiyankhe kalata yanga yachiwiri. Ali bwino?

Mlongo wanu.


12 Meyi

Mlongo wanga,

Tilipo. Mkazi wako ali bwino, akudya, akusoka, wasiya kuimba.

Masiku ako akwana dzulo. Nali kope la anesi, ndakutumizira lenilenilo kuti usati ndasintha. Onse pamodzi adwala maulendo khumi ndi limodzi, asanu ndi limodzi ake, asanu anga. Ndikukuona kale ukumwetulira patebulo lako. Usamwetulire.

Taona bwino madeti. Kuyambira chakumapeto kwa Epulo matenda akusamukira pa masiku anga. Ukudziwa chifukwa chake? Anadziwa. Anesi aja pakamwa pawo palibe chitseko, ndikukhulupirira kuti ndi iwo anamutsina khutu. Munthu akadziwa kuti akumuwerengera amasiya, kapena amasamutsira pa mnzake. Khitchini ndi imodzi, botolo la mafuta ndi limodzi, mchere uli pashelefu pomwepo.

Unandifunsa chimene chingandikhutiritse. Nanenso ndikufunse, iwe chikanakukhutiritsa ndi chiyani? Khumi pa khumi ndi awiri unati sikanthu. Kanayi pa kasanu unati ndi kobiri. Nambala iliyonse ikafika kwa iwe imasanduka mwayi. Mwina kumeneko amakulipira kuti uzinena kuti sitikudziwa.

Iwe umawerenga masiku, ine ndimaona nkhope. Ndimaona mmene amayang'anira zenera lija akamawasinthira abambo zofunda. Chimenecho sichilowa m'kapu yako.

Yankha msanga, ndipo uyankhe zomveka. Ndi wolakwa kapena si wolakwa?

Mlongo wako wamkulu.


25 Meyi

Achemwali,

Ndalandira kope, zikomo, ndipo muwathokozere anesi. Abambo muwapatse moni.

Asanu ndi limodzi kwa asanu, pa masiku makumi awiri aliyense. Kusiyana kotere ndi kumene kobiri limapereka tsiku lililonse. Palibe umboni woti chakudya cha mkazi wanga chikuwadwalitsa abambo kuposa chanu. Nkhani yomuchotsa ithere pompa, ndipo sindikufuna kuimvanso.

Mwati ndiyankhe zomveka. Ndiyankha monga ndimayankhira kuntchito, poti sindinama ngakhale bodza litandikomera. Kuyesa kotereku sikunena kuti munthu ndi wosalakwa. Kumangonena kuti sitinapeze kanthu. Masiku makumi anayi ndi ochepa, chinthu chachikulu chikanaoneka koma chaching'ono chikhoza kubisala. Ndiponso ngati anadziwadi pakati panjira, monga mukunenera, masiku otsatirawo sangadaliridwe kwenikweni. Choncho masamu sangamutsutse, komanso sangamuyeretse. Afika pamenepo basi.

Tsopano pitani nawo abambo kuchipatala chachikulu.

Mumuuze mkazi wanga kuti makalata anga awiri sanayankhidwe.

Mlongo wanu.


9 Juni

Bambo,

Moni. Ndili bwino, ndipo ndikhulupirira inunso muli bwino. Makalata anu awiri ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa ndinkaopa kulemba ndili ndi mkwiyo, koma ndaona kuti ndikadikira kuti uthe mwina mudzakalamba musanamve kwa ine.

Ndiyambe ndi za abambo, poti ndi zimene zili zofunika. Tsiku lotsatira ndandanda yanu itatha ndinawakweza basi ndekha kupita nawo kuchipatala chachikulu, alamu ali kushopu, ndipo sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Anawaunika, ali ndi zilonda zam'mimba. Adokotala atafunsa za mankhwala, abambo anatulutsa m'thumba la jekete mapiritsi a ululu wa bondo amene akhala akugula okha pagolosale n'kumamwa atatuatatu asanadye. Ankabisa kuti tisawaletse kuyenda. Awaletsa mapiritsiwo, awapatsa ena, pano akudya ndipo masaya akubwerera. Alamu sanakuuzeni zimenezi m'kalata yawo, akuti adokotalawo sanayeze zonse.

Alamu analondola chinthu chimodzi. Ndinadziwa. Linali tsiku la makumi awiri ndi atatu. Anesi anabwera ndi diresi yoti ndiwachepetsere m'chiuno, ndipo ndili ndi mapini kukamwa anandifunsa kuti, mwana wanga, ukupirira bwanji kuyesedwa chonchi m'nyumba ya mwamuna wako. Ankaganiza kuti ndikudziwa. Ndinalavula mapini, ndinawafunsa bwinobwino, anandiuza zonse akulira. Ndinalowa m'khitchini n'kuima kutsogolo kwa chipepala chija, cholembedwa ndi dzanja lanu, chimene ndinakuthokozerani m'kalata. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndinakulemberani kuti ndinalira, inu mukuwerenga mukudziwa.

Ndikanachoka tsiku lomwelo. Koma ndinati ndikachoka pakati alamu adzati wathawa, inu mudzati masamu asokonekera. Ndiye ndinaphika mpaka tsiku lomaliza. Tsiku langa likafika ndinkawapatsira abambo chakudya n'kumapemphera kuti asasanze, osati chifukwa cha iwo okha ayi, chifukwa cha ine. Tsiku la alamu likafika, akasanza, mtima wanga unkatsika pansi. Ine amene ndinkawasambitsa mapazi ndinafika pomasangalala kuti apongozi anga asanza pa tsiku loyenera. Munandisandutsa munthu wotero, ndipo chimenecho sindikukhululukirani.

Kalata yanu yomaliza alamu anandiwerengera mokweza patebulo, kawiri. Mbali imene anaikonda mukuidziwa. Masamu sangamutsutse, komanso sangamuyeretse. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama chawo, ndipo pano akuionetsa aliyense wobwera kushopu, akuti ngakhale mwamuna wake wophunzira uja walephera kumuyeretsa. Makasitomala anga atatu abwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Mawu akuti palibe umboni ndi amene anthu amanenera wakuba amene sanagwidwe.

Ine masamu anu sindikuwatsutsa. Anesi anandifotokozera za kobiri, ndinamva, ndi zanzeru. Ndikuvomera kuti kapu ndi timapepala sizingadziwe mtima wa munthu. Koma alamu sanafunse kapu, anafunsa inu. Inu simunayambe kundidziwa pa 2 Epulo. Munali ndi zaka zisanu ndi chimodzi za ine, ziwiri tili pachibwenzi, zinayi m'banja. Munandiona ndikugona pabenchi ya kuchipatala sabata yathunthu abambo atathyoka mwendo, alamu ali ku ukwati wa mnzawo. Zonsezo munazisiya panja ngati si umboni, n'kuyamba kuwerenga pa ziro, ngati ndine mankhwala achilendo amene abwera kuofesi kwanu m'katoni.

Ndili ndi funso limodzi, muliyankhe mumtima mwanu, kwa ine musavutike. Ngati munkaganiza, ngakhale pang'ono, kuti ndingawathire bambo anu mankhwala, munalola bwanji kuti adye za m'manja mwanga masiku makumi awiri, inu mukudikira nambala? Ngati simunkaganiza choncho, munkayesa chiyani, ndipo munawachedwetsera chiyani kuchipatala milungu isanu ndi umodzi? Ndalitembenuza funsoli mbali zonse ngati malaya osokedwa molakwika. Mbali ina mukutuluka mwana woipa, mbali inayo mwamuna wamantha amene anaopa kuuza mlongo wake mawu atatu okha, akuti mkazi wanga ndimamudziwa.

Ndikulemba kalatayi ndili kwa mng'ono wanga. Makina ndatenga, ndi anga. Makiyi ndasiya kwa anesi, pamodzi ndi pepala la nthawi zimene abambo ayenera kumwa mankhwala, chifukwa alamu amaiwala a masana. Abambo ndinawatsanzika dzulo m'mawa. Sindinawauze chifukwa, ndinangoti mng'ono wanga akundifuna. Anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti ndibwera liti, poti chakudya cha alamu chimachuluka mchere. Ndinawakonzera bulangete n'kutuluka.

Simunalembe kalata yondichotsa, ndikudziwa, ndipo mwina mukudzitama nazo. Musanditumizire ina yondiitana. Mukabwera pa tchuthi mudzawauze nokha bambo anu chimene ndinachokera, ndipo mudzawauze zonse, poti inu simunama.

Ndine amene ndinali mkazi wanu.